Anajombo ndi Lamulo la Gogoda

Tsiku limene ndinayamba ntchito m'sitolo yaikulu ija, munthu woyamba kundilankhula sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana kumapazi kwanga.

"Timeneto wabwera nato kudzagwira ntchito kapena kudzajambulitsa?"

Ndinali nditavala tinsapato tatsopano toonetsa zala, ta tizingwe topyapyala, timene ndinagula dala kuti ndizioneka ngati munthu wapantchito. Wondifunsayo anali mayi wamtali, wamapewa otambalala, atapachika katoni ya sopo m'chiuno ngati wanyamula mwana. Kumapazi kwawo kunali zinsapato zakuda zomanga ndi zingwe, za mphira wochindikala kunsi, zonga za mlonda.

"Ikamakwana faifi koloko ubwere udzandiuze mmene zikukhalira," anatero, n'kupitirira ndi katoni yawo.

Faifi sinakwane n'komwe. Pofika masana ndinali ndi matuza awiri kuchidendene, ndipo chitini cha nyemba chinali chitandigwera pa kachala kakang'ono mpaka misozi inalengeza m'maso. Ndinakabisala kuseri kwa mashelefu a shuga, nditaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku pamvula. Mayi aja anandipeza komweko. Sanandiseke. Anatulutsa pulasitala m'thumba la epuloni, anagwada pansi n'kundimata okha.

"Mng'ono wanga, m'sitolo muno mutu umapuma, manja amapuma, koma phazi silipuma. Maola naini uli chiimire pasimenti. Upeze nsapato yotseka kutsogolo, yogwira chidendene, yosiyira zala malo, ya mphira wamizeremizere kunsi. Ngakhale inyanse bwanji, zilibe kanthu. Makasitomala amabwera kudzagula shuga, sabwera kudzafunsira zala zako."

Amenewo ndiwo anali Anajombo. Dzinalo anawapatsa ndi anzathu a m'sitolo chifukwa cha nsapato zija, ndipo eniake ankalikonda kuposa la pachiphaso. Ngakhale madalaivala obweretsa katundu ankafika pageti la kumbuyo n'kukuwa kuti, "Anajombo alipo?"

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, nthawi ya tiyi, m'kachipinda kathu kosinthira zovala momwe munali benchi imodzi ndi ketulo yodontha. Anayamba ntchito ali ndi zaka makumi awiri, m'shopu yogulitsa misomali ndi penti. Nthawi imeneyo ankavala masilipasi monga wina aliyense. Tsiku lina akutsitsa chitini chachikulu cha penti, chogwirira chinathyoka, chitini n'kutera pa chala chachikulu cha kumanzere. Mwini shopuyo anathamangira kaye chitinicho kukaona ngati sichinaphulike, kenako m'pamene anafunsa za chala. Chalacho chinapola chokhota. Atachira anapita kwa wosoka nsapato wa kuseri kwa depoti ya mabasi, n'kumuuza kuti awasokere nsapato yoti ngakhale njerwa itagwerapo, iwo asamve. Phazi lawo linali lalikulu, saizi naini, lotambalala kutsogolo ngati khasu, moti nsapato za azimayi za m'masitolo sizinkawalowa. Wosokayo anawajambula phazi pa chikatoni ndi pensulo, ndipo chiyambire pamenepo nsapato zawo zonse zinkachokera kwa iyeyo.

Ankakhala ndi mapeya awiri, lero iyi mawa inayo, kuti ina iziuma thukuta. Lamlungu lililonse ankazitembenuza n'kuyendetsa chala m'mizere ya kunsi. Mizereyo ikayamba kufafanizika, ulendo kwa wosoka. Ife ankatiyendera chimodzimodzi. Ukamadutsa umangomva, "Iwe, takweza phazi ndione." Sindinganene kuti onse ankawakonda. Pakamwa pawo panali pakuthwa, ndipo akatsimikiza kanthu, kuwatembenuza kunali ngati kukankha khoma. Mtsikana wina watsopano anamuliritsapo chifukwa chobwera ndi nsapato zovula chidendene. Koma ukadwala, woyamba kufika kwanu ndi botolo la juwisi anali iwowo.

Amuna awo anali dalaivala wa malole. Chaka chachinayi cha ukwati anapita kukasiya katundu kutali, n'kudzisiyanso okha komweko. Anajombo nkhaniyi sankaitalikitsa. Ankangoti, "Iwo anapita ndi lole, ine ndinatsala ndi mtendere. Sindinaluze." Mwana wobereka okha analibe. Koma mchimwene wawo atamwalira, anatenga mwana wake wamkazi ali ndi zaka sikisi n'kumulera m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri. Anamuphunzitsa mpaka kumaliza sekondale, anachita kosi ya zamalonda, ndipo ndi iwo amene anakamupemphera ntchito m'sitolo mwathu. Mtsikanayo anali wanzeru, waukhondo, woyenda mofulumira ndi kabuku m'manja. Patatha zaka zitatu anamukweza kukhala woyang'anira ife tonse ogulitsa, ndipo tinayamba kumutcha Adona. Tsiku limene anamukweza, Anajombo anavina m'kachipinda ka tiyi, zinsapato zija zikugunda pansi mpaka makapu kulira pashelefu.

Chaka changa chachisanu pamenepo, sitolo inagulidwa ndi eni ena. Anaitseka masabata awiri n'kuikonza. Titabwerera tinapeza simenti yathu yakale ija ataiphimba ndi matailosi oyera, onyezimira oti munthu n'kudziyang'anirapo nkhope. Magetsi anachuluka, kunabwera tinyimbo tapansipansi, kunabweranso manejala watsopano, bambo wachinyamata wonunkhira perefyumu, amene sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Sabata isanathe anali atatchedwa kale Bwana Tayi.

Lolemba m'mawa anatisonkhanitsa tisanatsegule. Anati sitoloyi tsopano ndi yapamwamba, choncho ogwiramo ntchito azionekanso apamwamba. Amuna azivala malaya oyera ndi nsapato zakuda zopolisha. Akazi azivala siketi, bulauzi ndi nsapato za gogoda. Anakweza imodzi m'mwamba kuti tione chitsanzo. Inali yosongoka kutsogolo, chidendene chake chotalika ngati chala changa chapakati, kunsi kosalala ngati mbale.

Kenako kumbuyo kunamveka mawu.

"Bwana, funso."

"Funsani, mayi."

"Makwerero aja tizikwera titavala zimenezo, kapena katundu wa pamwamba azitsika yekha?"

Ena anaseka chobisa. Bwana Tayi anamwetulira ngati wamva nthabwala ya mwana.

"Muzolowera, mayi. M'masitolo athu ena onse akuvala."

"Pamafiriji pamadontha madzi. Kumafuta ophikira mabotolo amasweka. Matailosi anuwa ndawayesa kale ndi madzi m'mawa uno, amaterera ngati sopo. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zimenezo ine sindivala."

"Si pempho ayi, mayi. Ndi lamulo."

"Ndamva. Sindivala."

Ananena osakweza mawu, ngati akuuza kasitomala kuti mchere watha. Adona anali ataima pambali pa bwanayo ndi kabuku kake, maso ali pansi.

Ife enafe tinavala. Ndisaname, ine ndinali m'gulu la oyamba. Ndinali ndi ana awiri pasukulu, ndipo amuna anga ntchito inali itangowathera kufakitale. Nsapato zanga zotseka, zimene Anajombo anandiperekeza okha kukasoketsa, ndinazikankhira pansi pa bedi. Sitolo yonse inayamba kulira go, go, go, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ikamakwana thuu koloko tinkayenda ngati tikuponda minga. Wina ankavula kuseri kwa kauntala n'kuima pa chikatoni ndi phazi losavala, wina ankatsamira ngolo ya makasitomala ngati ndodo. Akatumba ankakokana, msana unkawawa, ndipo ndikafika kunyumba ndinkaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, ana akundiseka kuti amayi akuphika miyendo.

Anajombo ankabwera ndi siketi yatsopano, bulauzi yosita bwino, baji pachifuwa, ndi jombo zawo zopolisha mpaka kuwala kuposa matailosi. "Lamulo ndalimvera kuyambira kumutu mpaka m'kakolo," ankatero. "Kutsika pamenepo ndi kwanga."

Si onse amene zinkawasangalatsa. Panali mnzathu wina wa pakauntala ya zodzoladzola, amene gogoda anali moyo wake kuyambira kale. Tsiku lina pa tiyi anawatulukira poyera.

"Achemwali, inu mukutiputira mavuto tonse. Bwana akatikwiyira, adzayamba kutiwerengera ndi mphindi zopita kuchimbudzi zomwe. Nsapato yokha, nkhani yake n'kufika pamenepa?"

"Iwe umakwera makwerero kangati patsiku?"

"Ine sindikwera."

"Umanyamula makireti angati?"

"Si ntchito yanga imeneyo."

"Ndiye vala, mwana wa mayi anga, zimakukhala ndithu. Ine gogoda sindidana naye. Ndikanakhala ndi phazi ngati lakolo, bwenzi ndikumuvala popita ku ukwati. Koma kuno si ku ukwati. Amene analemba lamuloli ali ndi mpando wa mateyala, amayenda atakhala pansi."

Kalata yoyamba yachenjezo inabwera Lachinayi. Woibweretsa anali Adona. Ine ndinali pafupi, ndikusanja zitini za nsomba pashelefu.

"Mayi, ndatumidwa kuti ndikupatseni kalatayi. Musaine apa."

"Mayi? Kuyambira liti?"

"Azakhali, chonde," mtsikanayo anatsitsa mawu. "Tili pantchito."

Anajombo anawerenga kalata yonse pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Anasaina, kenako pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: NDALANDIRA KOMA SINDIVALA.

Yachiwiri inabwera patatha masabata awiri. Lamlungu lake masana ndinapita kwawo kukawaona, ndinapeza nkhani ili pakati. Nyumbayo inali yaing'ono: mipando itatu, tebulo lokutidwa ndi pulasitiki ya maluwa, makina osokera akale pakona, ndi chithunzi cha malemu mchimwene wawo pakhoma. Patebulopo panali bokosi lotsegula, m'katimo muli nsapato zatsopano za gogoda.

"Ndayenda tauni yonse kufunafuna saizi naini," Adona ankatero, maso atafiira. "Taonani, chidendene chake n'chachifupi. Muzingovala bwana akakhalapo. Akatuluka muzivula. Anzanu onse akutero."

"Ndiye ndiyambe kunama ndi mapazi?"

"Azakhali, kalata yachitatu ndiye kuti ntchito yatha. Ndipo woilemba ndi ine. Mukufuna anthu azidzandiloza kuti uyo anachotsa ntchito mayi amene anamulera?"

"Iwe lemba. Ndinakutumiza kusukulu kuti udziwe kulemba."

"Mukundichititsa manyazi! Tsiku lililonse bwana amandifunsa kuti ndingayang'anire bwanji anthu makumi atatu pamene wa m'nyumba mwanga yemwe akundikanika."

Anajombo anavula sokosi n'kuika phazi lamanzere pampando. Aka kanali koyamba kuti ndichione chala chija. Chinali chokhotera m'kati, chakuda, chikhadabo chake chochindikala ngati chigoba cha nkhono.

"Tenga nsapato yakoyo ulowetse ichi. Chikalowa, mawa ndivala."

Mtsikanayo anaimirira. Anatseka bokosi lija n'kulowa kuchipinda. Anajombo anatembenukira kwa ine ngati palibe chachitika. "Iwe, tiyi wako umathira masupuni angati?" Koma pothira madzi m'kapu, ena anatayikira pa pulasitiki ya maluwa ija.

M'mawa mwake Adona anatenga chikwama n'kusamukira kwa mnzake. Kuntchito awiriwa ankapatsana moni ngati anthu ongokumana m'basi.

Ngozi inagwera ine, Loweruka la kumapeto kwa mwezi, sitolo itadzaza. Firiji ya mkaka inali ikudontha kuyambira Lachitatu. Tinanena, anati wokonza abwera. Mayi okolopa anali atadutsapo kawiri m'mawawo, koma madzi ankabwereranso, kamzere kopyapyala kosaoneka pa matailosi oyera. Ndinkachokera kusitoko, kumene timasunga katundu, nditanyamula kireti ya mabotolo a juwisi, moti pansi sindinkapaona. Phazi lamanja linangoti tereree kutsogolo, chidendene cha nsapato chinapindikira m'mbali, ndipo ndinamva kuti thyo m'kakolo ndisanafike n'komwe pansi. Kireti inandigwera. Botolo lina linasweka n'kundicheka pamkono.

Anthu anaunjikana. Wina ankati mudzutseni, wina ankati musamugwire, wina anali atatulutsa kale foni kuti ajambule. Kenako ndinamva jombo zikubwera chothamanga, kudutsa pamadzi pomwepo. Anajombo anakankha anthu, anang'amba epuloni yawo n'kundimanga pamkono, anandivula nsapato zonse ziwiri. Atatero anandinyamula, mzimayi wamkuluwamkulu ngati ine, mpaka pageti la kumbuyo pamene panaima galimoto yobweretsa buledi. Dalaivala wake atangoona nkhope yawo sanafunse zambiri, analiza injini.

M'galimotomo ndinkalira, koma sunali ululu wokha.

"Achemwali, munandiuza," ndinatero.

"Khala chete. Sunagwe chifukwa chosandimvera ine. Wagwa chifukwa chowamvera iwowo."

Kuchipatala anati fupa la m'kakolo lathyoka. Anandiika chikhakha, n'kundiuza kuti masabata sikisi ndisaponde.

Lachitatu anandiitanitsa kuofesi. Amuna anga anandiperekeza mpaka pakhomo la sitolo, ine ndikudumpha ndi ndodo ziwiri. Ofesi ya Bwana Tayi inali pamwamba, ya zenera lalikulu loonera sitolo yonse, ndipo masitepe ake ndinawakwera chokhala pansi, imodziimodzi, chikhakha chikukhulika. M'katimo munali bwanayo, Adona ndi kabuku kake, ndi Anajombo amene anaitanidwa ngati mboni.

Bwana anandifunsa za mwendo mwaulemu ndithu, mpaka anandisunthira mpando woti ndisanjikepo. Kenako anatulutsa pepala lotaipa kale. Anati ndi lipoti la ngozi lopita kulikulu, ife tingosaina. Analiwerenga mokweza. Linkati wogwira ntchitoyo ankathamanga, ananyamula katundu wopitirira muyezo, ndipo sanasamale poyenda. Za firiji munalibemo. Za nsapato munalibemo.

Ine bolopeni ndinali nditaigwira kale. M'mutu mwanga munali ana anga basi.

"Ika pansi bolopeniyo," anatero Anajombo.

"Mayi, inu mwabwera ngati mboni chabe," bwana anawadula.

"Eya, ndiye ndayamba umboniwo. Sankathamanga. Kireti imeneyo timanyamula tsiku lililonse. Firiji inadontha masiku anayi. Ndipo anavala ichi." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa nsapato yanga ija, chidendene chili lende, n'kuikhazika padesiki, pamwamba penipeni pa lipotilo. "Lembani kuti anagwa atavala nsapato ya lamulo. Mukalemba zimenezo ndisaina kawiri."

"Chotsani chinthu chimenecho padesiki panga."

"N'chanu, bwana. Munachikweza m'mwamba nokha tsiku lija, tonse tikuona."

Bwanayo anamasula tayi pang'ono, koyamba chibwerereni. Anati Anajombo ali kale ndi makalata awiri, ndipo mwano umenewu wakwanira yachitatu. Anatembenukira kwa Adona.

"Inu monga woyang'anira, sainani lipotili. Mukatero mukalembe kalata ya mayiwa."

Adona anayang'ana pepala lija, anayang'ana chikhakha changa. Azakhali ake sanawayang'ane. Anatsegula kabuku kake.

"Bwana, Lachitatu eyiti koloko m'mawa ndinakuuzani za firiji. Ndinalemba apa. Lachinayi ndinakuuzaninso. Lachisanu munati wokonza abwera Lolemba." Anatembenuza tsamba. "Chiyambire lamulo la nsapatoli, anthu anayi abinya miyendo. Mayina awo ndi masiku ake ali apa. Lipoti ili sindisaina. Ndilemba langa."

"Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa, bwana."

Ine ndinaika bolopeni pansi. Bwana anatiuza kuti tituluke tonse.

Potsika, Anajombo anandibereka kumsana, Adona akubwera pambuyo ndi ndodo zanga. Ogwira ntchito m'munsimo ankanamizira kusanja katundu, maso ali kwa ife. Tili pakati pa masitepe, Anajombo analankhula osatembenuka.

"Kuchipinda kwako ndinaikako makina osokera. Ukafuna kubwera unene, ndiwachotse."

"Ndibwera Loweruka, azakhali."

"Ubwere ndi buledi."

Sindinganene kuti zonse zinatha mokoma. Lipoti la Adona linafika kulikulu, kunabwera anthu awiri kudzafunsa mafunso, ndipo firiji inakonzedwa m'mawa wa tsiku limene iwo ankafika. Ine ntchito yanga sinathe, ngakhale mwendowu mpaka lero umandiuza kukamazizira. Koma Adona anamutsitsa pa udindo n'kumutumiza ku kasitolo kena ka kampaniyo kutsidya kwa tauni, kokwera mabasi awiri. Anajombo kalata yachitatu sanailandire. M'malo mwake anawauza kuti maonekedwe awo sakugwirizana ndi kumene kumafika makasitomala, choncho azikagwira kusitoko. Kumeneko n'kwa fumbi, kopanda zenera, kotentha ngati uvuni, kumene amatumizako munthu akafuna kuti atope asiye yekha. Makasitomala akale, amene ankafika n'kulunjika kwa iwo kukafunsa sopo wabwino wochapira, anayamba kutifunsa ngati amwalira. Iwo anapita kusitokoko ataimika mutu, ndipo sabata yoyamba yomwe anasesa, anasanja makatoni mwatsopano, n'kupha makoswe asanu ndi awiri.

Patatha miyezi itatu, pabolodi la m'kachipinda ka tiyi panamatidwa chikalata. Chinkati kampani, chifukwa chokonda antchito ake, yaganiza zoti aliyense azivala nsapato zakuda zotseka, zafulati, zosaterera. M'munsi munali siginecha ya Bwana Tayi. Mnzathu wa zodzoladzola uja ndi amene anawawerengera Anajombo mokweza.

"Aa, koma bwanayu ndi wanzeru," anatero iwo akuuzira tiyi. "Waziganiza yekha zimenezi?"

Tinaseka mpaka wina anatsamwa. Ena anati popeza lamulo lasintha, apite akapemphe kubwerera kutsogolo. Anakana.

"Ndikapemphe chiyani? Amapempha ndi wolakwa. Komanso kuno ndapezako ntchito."

Ntchito imene ankanenayo ndinaiona sabata yotsatira. Kusitoko kunali abambo anayi otsitsa katundu m'malole: matumba a shuga a makilo fifite, zigubu za mafuta, mathabwa osanjikapo katundu okhala ndi misomali yotuluka. Wamkulu mwa iwo, bambo waimvi wofatsa amene tonse tinkamutcha Malume, ankagwira ntchitoyo atavala nsapato zansalu zong'ambika, chala chachikulu chikusuzumira kunja. Anzake atatuwo sankasiyana naye kwenikweni. Malume anali atapempha nsapato zokhala ndi chitsulo kutsogolo kwa mabwana atatu otsatizana, aliyense n'kumuyankha kuti tiona, mpaka anangosiya.

M'mawa umenewo ndinali m'munsi mwa masitepe a ofesi ndikusanja mabisiketi. Ndinaona Anajombo akutuluka kusitoko atanyamula nsapato zinayi zansalu, imodzi ya bambo aliyense, atazigwira pazingwe zikulendewera ngati nkhuku zakufa. Pambuyo pawo pankabwera abambo anayi aja, aliyense phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, Malume akuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna pothawira.

"Achemwali, mukupita nazo kuti zimenezo?" ndinafunsa.

"Kwa bwana."

"Akuti ali pamsonkhano wa pafoni, asasokonezedwe."

"Tikadikira m'katimo. Pageti paima malole atatu, ndipo otsitsa ake ndi awa. Tione amene ayambe kutopa." Anatembenuka. "Malume, tsogolani. Wamkulu pano ndinu."

"Mayi, ine zangonditsalira zaka ziwiri kuti ndipume..."

"Ndiye mukapume ndi zala zonse khumi. Tiyeni."

Anakwera onse asanu. Ndinamva kugogoda kamodzi, chitseko n'kutseguka asanawayankhe. Malole aja anaima pageti mpaka leveni koloko, madalaivala akuimba mahutala. Zimene zinakambidwa m'mwambamo Malume sanatiuze zonse, anangoti chibadwire sanaonepo munthu akuyankha bwana ngati akuyankha mlamu wake.

Nsapato zachitsulo zinafika mwezi wotsatira, mapeya anayi m'mabokosi. Abambo atatu aja anavala pomwepo n'kuyamba kupondana dala kuti aone ngati chitsulocho n'chenicheni. Ya Malume inali yaing'ono. Iye anati palibe vuto, aipirira, ikula yokha poyenda. Anajombo anagwada, anaidina m'mbali ndi chala, n'kumuuza kuti avule. Anaibwezera m'bokosi, anapachika bokosilo kukhwapa, n'kukweranso masitepe aja.